Mitsinje Yolembedwa Moduladula

Madzulo ano tayala patebulo mapu a dziko lakutali, chidikha chokwera cha High Plains ku America, chimene chatenga kuzambwe kwa Kansas ndi Nebraska ndiponso kuvuma kwa Colorado. Kumeneko mitengo njowerengeka, udzu ngwaufupi, ndipo mabanja ambiri amadalira ng'ombe.

Mapuwa amajambulidwa ndi bungwe la boma la United States Geological Survey, lokhazikitsidwa mu 1879. Mizere yofiirira isonyeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka: ikathithikana ndiye kuti pali chitunda kapena phompho, ikatalikirana ndi posalala. Koma ife maso athu ali pa mizere yabuluu. Mtsinje wosaphwa amaulemba ndi mzere wosaduka. Khwawa loyenda madzi mvula ikagwa pokha amalilemba moduladula, ndi timadontho pakati. Tsono pa mapu a chidikhachi yoduladulayo ndiyo yachuluka. Woweta wosadziwa kusiyanitsa ziwirizi angagule malo namati wapeza mtsinje, chonsecho wagula mchenga.

John Wesley Powell, msilikali amene adaduka mkono wamanja pa nkhondo, adaziona msanga zimenezi. Lamulo la 1862 linkapatsa banja maekala 160, opimidwa a ngodya zinai, osalabadira kumene kuli madzi. Mu 1878 iye adalembera boma kuti kumene mvula sikwana mainchesi 20 pa chaka malo otere sangadyetse banja. Woweta afunika maekala 2,560, ndipo malire azitsata madzi, kuti yense akhale ndi pomwetsa ziweto zake. Aphungu sadamumvere. Tikaunika bwino, iwo ankawerenga maekala, pamene iye ankawerenga timitsinje.

Anthu adadza nagalauza udzu uja kuti abzale tirigu. Chilala cha m'ma 1930 chitafika, nthaka idasowa choigwira. Pa 14 Epulo 1935 fumbi lidaphimba dzuwa masana, ndipo mabanja ambiri adasiya minda yao.

Pambuyo pake alimi adayamba kupopa madzi a pansi pa nthaka otchedwa Ogallala, amene amabwerera pang'onopang'ono koposa m'mene akuwatungira. Madziwo atatsika, akasupe odyetsa mitsinje adayamba kuphwa. Pafupi ndi mzinda wa Garden City ku Kansas, mtsinje wa Arkansas, umene uli ndi dzina lalikulu pa mapu, nthawi zambiri munthu amauwoloka osanyowa phazi.