Gulu la Oimba la Duke Ellington

Nkhani ya lero iri ya munthu amene anasunga gulu lace la oimba zaka pafupifupi 50, ngakhale pa nthawi imene magulu a anzace anali kubalalika. Dzina lace ndiye Edward Kennedy Ellington, koma anthu anamucha Duke. Iye anali munthu wakuda, woimba piyano, wobadwira ku Washington m'dziko la Amerika m'caka ca 1899.

Gulu lalikuru la jazi likhala ndi anthu monga 15, ambiri a iwo oomba malipenga ndi masakisofoni, wina wa ng'oma, wina wa piyano. Onsewo ayembekeza malipiro, pakuti kuimbako ndiyo nchito yao. Gulu la Ellington linayamba kumveka m'caka ca 1927, pamene linalembedwa nchito pa nyumba ya dansi yochedwa Cotton Club, ku Harlem mu mzinda wa New York. M'nyumbamo oimba anali akuda, koma olowa kudzasangalala anali azungu. Wailesi ndiyo inaturutsa nyimbozo, nizifikitsa m'nyumba za anthu a mitundu yonse.

Mbale za galamafoni za masiku aja zinali kutha m'mphindi zitatu mbali imodzi. Tsono Ellington anaphunzira kulongedza nyimbo yathunthu m'kanthawi kakang'onoko, monga anacitira ndi "Mood Indigo" mu 1930. Popeka nyimbo anali kuganizira munthu weniweni amene adzaiombe. Anadziwa kuti sakisofoni ya Johnny Hodges iri ndi mau ofewa, ndi kuti ya Harry Carney iri ndi mau akuru a pansi, napatsa yense mbali yomuyenera. Nyimbo imene gululo linadziwika nayo koposa, "Take the 'A' Train" ya 1941, anaipeka ndi mthandizi wace Billy Strayhorn.

Itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, zinthu zinabvuta. Nyumba za dansi zambiri zinatsekedwa, ndipo kulipira ndi kuyendetsa anthu ocuruka cotero kunakwera mtengo. Magulu ochuka angapo anatha mu 1946, ndipo mu 1950 Count Basie yemwe anacepetsa gulu lace. Hodges anacoka mu 1951, nabwera mu 1955. Ellington anakana kubalalitsa anthu ace. Anatenga ndalama zimene zinali kubwera cifukwa ca nyimbo zace zopeka, nalipira nazo gulu, pakuti anafuna kuti cimene walemba usiku acimve m'mawa mwace.

Mphotho ya kupirira kwace inafika pa 7 July 1956, pa cikondwerero ca jazi ku Newport. Pakati pa nyimbo yakale ya 1937, "Diminuendo and Crescendo in Blue", Paul Gonsalves anaimirira ndi sakisofoni yace naizungulira nyimboyo ka 27 osalekeza, kufikira khamu lonse linanyamuka ndi kubvina. Mbale ya "Ellington at Newport" inagulidwa koposa mbale zace zonse, ndipo gululo linakhalanso ndi nchito yokwanira. Koma mbaleyo sinali yangwiro. Gonsalves anaombera pa maikolofoni a wailesi ya Voice of America m'malo mwa a kampani ya Columbia, kotero kuti mau ace anamveka patali, ndipo nyimbo zina anazijambulanso pambuyo pace. Cojambula ca wailesi ija cinapezeka patapita zaka zambiri, ndipo mu 1999 usiku wonsewo unaturutsidwa monga unaliri.

Mu 1966 gululo linafika ku Afrika, kukaimba pa cikondwerero ca luso la anthu akuda ku Dakar. Ellington anamwalira pa 24 May 1974, ndipo mwana wace Mercer anatenga utsogoleri. Harry Carney, amene analowa m'gululo mu 1927 nakhalamo zaka 47, anamwalira m'mwezi wa October caka comweco.