MAYI WA PAKHOMO NDIYENSO MAYI WA PAMZIKITI

Mau amene gulu la amayi linayankhula itatha swala ya Idi, pa Mwanza malire



Ashehe athu, a wapampando ndi komiti yonse ya mzikiti, mafumu amene muli pano, azibambo, amayi anzathu, achinyamata ndi ana athu, ndiponso inu alendo amene ulendo wakugonekani pa malire pano, Idi Mubarak kwa nonse.

Tikuyamika Allah amene watifikitsa kumapeto kwa mwezi wa Ramadhani tili amoyo. Tikuthokozanso komiti potipatsa mpata woti ife amayi tiyankhulepo. Chaka chilichonse pa tsiku ngati lino mumatiyamikira kuti amayi agwira ntchito, ndipo mau amenewo timawalandira ndi manja awiri. Koma lero tati tikuuzeni m'mene ntchitoyo imagwiridwira, chifukwa ambiri mumangoona mbale itafika pamphasa.

Tiyeni titenge tsiku limodzi la mayi mmodzi wa pakati pathu m'mwezi wathawu. Dzina lake tisunga, poti nkhani yakeyo ndi ya ambiri a ife. Iyeyu amadzuka 3 koloko usiku kukoleza mbaula kuti banja lidye daku. Ena akabwerera kukagona itatha swala ya m'bandakucha, iye amanyamula ndowa kupita kumjigo, chifukwa akachedwa apeza mzere wautali. Akabwerako asese, aphike phala la ana aang'ono amene sakufunga, awasambitse ndi kuwaperekeza kusukulu. Kenako kumunda. Mukudziwa kuti Ramadhani imabwerera m'mbuyo ndi masiku ngati 11 chaka chilichonse, ndipo mu 2025 inagwa m'Malichi, mvula isanathe, munda ukufunabe munthu. Khasu silidziwa kuti mwini wake wafunga.

Dzuwa likafika pamutu amakhala ali pamseu waukulu ndi beseni la mandazi kapena nthochi, ndipo nyengo ya manachesi ikakwana ndiye manachesi, kugulitsa kwa madalaivala a malole amene akudikira mapepala ao kuti aolokere ku Zóbuè. Pamenepo mpamene pamachokera ndalama ya mchere, ya sopo ndi ya chigayo. Masana omwewo uthenga ungamupeze kuti mlongo wathu wina wagonekedwa kuchipatala cha boma ndipo alibe womudikirira. Mayi uja amasiyira beseni mnzake, nkumapita. Itatha swala ya Asiri amafika kuno kumzikiti kudzaphika futari ya apaulendo. Enanu mumamasula swaumu yanu mutakhala pansi, iye amamasula ali chiimire ndi chipande m'manja. Akafika kunyumba mphika wina ukumuyembekeza, mbale zikumuyembekeza, mwana akufuna womuthandiza ntchito ya kusukulu. Amagona 11 koloko itadutsa. Werenganipo nokha maola a tulo akewo.

Ndipo Ramadhani ikatha ntchito siitha ai. Mlongo wathu akamwalira, osambitsa ndi kuveka sanda ndife amayi, kaya ndi usiku kaya kuli mvula. Pamaliro ophika ndife. Pa nikahi ndife. Kusesa mzikiti Lachinayi kuti Ijuma ipeze pamalo pali bwino, ndife. Ngakhale zakatul fitri imene mwapereka swala ya lero isanachitike, pofuna kudziwa kuti ndi khomo liti limene lagona ndi njala, komiti imafunsa ife, chifukwa ndife timalowa mpaka kukhitchini nkuona kuti mafuwa azizira. Ena mwa ife alinso m'magulu a m'mudzi othandizana ndi alangizi a zaumoyo, kuyenda khomo ndi khomo kukumbutsa za sikelo, katemera ndi kadyetsedwe ka ana. Pa zonsezi palibe amalandira malipiro.

Mtima umenewu sitinauyambe ife. Tinaupeza kwa amayi athu, ndipo malo amene tikukhalawa ndi amene anawaphunzitsa. Nkhondo ya ku Mozambique itakula cha m'ma 1986, anthu anaolokera kuno ali ndi mitolo pamutu ndi ana kumbuyo. Pofika 1992 Malawi inkasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni. Misasa ya Chifunga ndi Luwani nthawi imeneyo inali m'boma lathu lino, poti Neno inadzakhala boma pa yokha mu 2003. Mabungwe ndi malole a ufa ankafika, inde, koma asanafike, amene ankayamba kupereka madzi akumwa, chitenje ndi malo pakhonde anali amayi a m'midzi ya m'malire, Asilamu ndi Akhristu omwe, osafunsa munthu za chipembedzo chake. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, abale athu aja anayamba kubwerera kwao.

Pambuyo pake inadza miliri ina. Achikulire mukukumbukira zaka zimene Edzi inkagoneka anthu m'nyumba, mankhwala a ma ARV asanayambe kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004. Ankatembenuza odwala, kuwachapira ndi kulera ana amasiye anali ndani? Mu 2015 ndi 2016 anthu pafupifupi 10,000 ochokera chigawo cha Tete anadzaunjikananso pa mudzi wa Kapise, asanayambe kusamutsidwira ku Luwani mu Epulo 2016. Kolera imene inabuka mu Malichi 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo isanathe kunabweranso namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Pa nthawi zonsezi amayi sitinakhale manja lende. Mlendo ndi mame, akuluakulu anatero, ndipo ife a pa malire timadziwa tanthauzo lake kuposa ena.

Tsono abale athu, tinene zoona pamaso pa Allah. Amene akusenza katunduyu ndi ochepa, ndipo nkhope zake ndi zomwezomwezo chaka ndi chaka. Ena akalamba, msana ndi maondo zayamba kukana. Ndipo mayi akachoka pakhomo kukathandiza ena, ntchito ya pakhomopo siiima, imangogwera munthu wina. Kawirikawiri munthu ameneyo ndi mwana wamkazi wachisamba.

Izi zinatichitikira ife tomwe. Sabata ina tinali ndi maliro awiri otsatizana, komanso wodwala kuchipatala. Mnzathu wina amene sakana ntchito anakhala masiku anayi osakhazikika pakhomo. Mwana wake wa Sitandade 8 ndiye ankaphika, kutunga madzi ndi kulera azing'ono ake, ndipo masiku onsewo sanapite kusukulu, mayeso ali pafupi. Mayiyo titamuyamikira pagulu, anatiyankha misozi ili m'maso kuti kuthokozako kupite kwa mwanayo. Tonse tinachita manyazi. Tinaona kuti thawabu zimene tinkaganiza kuti tikututa, wina wamng'ono ndiye ankazilipirira ndi maphunziro ake. Chimenecho si chilungamo, ndipo sitikufuna chichitikenso pakati pathu.

Sitikunena kuti tisiya ntchito, ai ndithu. Ntchito imeneyi timaikonda, ndipo timaigwira chifukwa cha Allah. Koma mutu umodzi susenza denga. Choncho titakhala pansi monga gulu, tinagwirizana kupempha zinthu zisanu.

Choyamba, pakhale ndandanda wolembedwa, wopachikidwa pakhomo la mzikiti, wosonyeza amene aphike, amene asese ndi amene akaone odwala sabata iliyonse. Mayi mmodzi asagwire masabata awiri otsatizana, ndipo amene ali ndi khanda kapena wodwala pakhomo pake apumitsidwe popanda womunena.

Chachiwiri, nkhuni, makala ndi madzi a pamaliro ndi pa futari zikhale m'manja mwa azibambo ndi anyamata. Muli ndi njinga, muli ndi mphamvu. Si zoona kuti mayi wofunga asenze mtolo wa nkhuni pamene anyamata akhala pamthunzi kudikira adhana.

Chachitatu, tikupempha komiti kuti pa ndalama za sadaka ipatulepo kangachepe ka ulendo wa kuchipatala, sopo ndi magolovesi a osambitsa maliro. Mpaka lero zimenezi zimachokera m'beseni la mandazi lija.

Chachinayi, mtsikana aliyense asajombe kusukulu kapena kumadrasa chifukwa mayi ake ali pa ntchito ya mzikiti. Zikavuta, mayi woyandikana naye atenge ana aang'onowo tsiku limenelo. Ichi ndiye tikuchigogomezera kuposa zonse.

Chachisanu chikupita kwa amayi anzathu achitsikana. Bwerani mudzaphunzire kusambitsa ndi kuveka maliro agogo athuwa akadali ndi mphamvu zotiphunzitsa. Ambiri mumaopa, tikudziwa, ifenso tinkaopa. Koma tsiku lina adzafunika wotisambitsa ife, ndipo tikufuna akhale inu. Ashehe, tikupempha kuti mutipatulire tsiku limodzi pamwezi la phunziro limeneli.

Kwa inu amuna athu, mau athu ndi ochepa. Ambiri mumatilola kupita kukathandiza, ndipo tikuthokoza. Koma tikabwerako mochedwa nkupeza mwakoleza moto, ana adya, mtima umakhala m'malo. Kugwira chikombe kapena kusambitsa mwana wako sikuchotsa ulemu wa bambo. Ana aamuna amene akukuonaniwa adzachita kwa akazi ao zimene akuona pakhomo panu lero.

Pomaliza, mukamadya mpunga wa Idi masana ano, yang'anani amene waphika, mumufunse ngati iye wadya. Tikupempha Allah alandire swaumu yathu ndi swala zathu, awachitire chifundo amayi athu amene anatsogola atatisiyira mtima wothandiza, achize odwala athu, ndipo apaulendo nonse akufikitseni kwanu bwino. Pamene talakwitsa m'mau athu, mutikhululukire.