Sitima ya kaunjika nayonso imafika

Mawu omwe mkulu wa komiti yathu ya zamisika analankhula pa chikondwerero cha zaka 10 za kopaletivi, pa nkhokwe yathu ku Makata

Za momwe tinayambira a wapampando anena kale, za ndalama a msungichuma awerenga. Ine andipatsa mphindi zochepa, ndiye ndikamba chinthu chimodzi basi: kayendedwe ka katundu wathu.

Polowa pa geti paja, amene munasuzumira kuseri kwa mpanda mwaona zitsulo ziwiri zobisika mu udzu. Imeneyo ndi njanji. Makata uyu anamangidwa motsamira njanji, ndipo timanjanji ting'onoting'ono tinkapatuka kulowa m'mafakitale. Akuluakulu muli pano mukukumbuka sitima zochokera ku Changalume, ku Zomba, zikubweretsa miyala yopangira simenti konkuno. Lero ife tayandikana ndi njanji chonchi, koma thumba lililonse la nandolo ndi soya lomwe lili m'nkhokwe muno labwera pa lole.

Ndipo lole ikutidya, abale anga. Chaka chatha tinachita hayala lole yoti ikatenge nandolo ku Thekerani. Inagona pa mzere wa dizilo masiku atatu, matumba ali panja, mitambo ikuwopseza. Tsiku lachitatu mavenda anafika ndi masikelo awo ndi ndalama m'manja. Ena mwa inu munagulitsa. Sindikukudzudzulani ayi, mwana akathamangitsidwa kusukulu chifukwa cha fizi sungamuuze kuti dikira lole. Koma oda yomwe tinalonjeza wogula wathu inaperewera, ndipo manyazi ake ndinakawaona ndine.

Chopweteka n'chakuti kumene kunakanika loleyo njanji inafikako kalekale. Sitima inayamba kuyenda pakati pa Nsanje ndi Blantyre mu 1908, kudutsa ku Chiromo, Sandama ndi Luchenza, agogo athu asanabadwe. Mu 1997 madzi anadula njanji pa Chiromo, sitima n'kumathera ku Makhanga. Mu Januwale 2015 madzi osefukira anasakaza Makhanga yemweyo. Kenako namondwe Freddy, mu Malichi 2023, anagumula misewu, milatho ndi njanji kuno kummwera. Amayi a ku Thekerani ndi Sandama angakuuzeni momwe mikoko ya nthochi inkadzazira mabogi kubwera ku Limbe, chisaka chisanathe nthochi zathu. Panalibe woti alipire lole payekha. Unkalipira mtolo wako, iwe n'kukhala pambali pake.

Sitima m'dziko muno zilipo, musamve ngati zinatha. Pitani pa Nkaya mukaone sitima za malasha zochokera ku Moatize kupita ku Nacala, mabogi osawerengeka, mitu yake yatsopano, yamphamvu. Koma imeneyo siingaime pa Lirangwe kuti itenge matumba a mayi wa ku Mdeka. Si ntchito yake, ndipo kulemera kwake timanjanji takale sitingakupirire. Yathu ndi yaing'ono: mutu umodzi wa dizilo wopepuka, ngati ija yakale yochokera ku Canada yomwe takhala tikuiona pa Limbe zaka zonsezi, bogi imodzi kapena ziwiri za anthu, ndi imodzi ya katundu. Amene munakwerapo sitima ya anthu ya ku Balaka ndi Nayuchi mukudziwa: pa siteshoni iliyonse pamakwera madengu a tomato, anyezi, nzimbe, nkhuku, ndipo msika umachitikira pa windo.

Wina anena kuti sitima n'zodula, Malawi angazithe? Zatsopano n'zodula, inde. Tsono tamverani za anzathu a ku Mozambique. Kuli sitima zina za dizilo, zokhala ndi injini pansi pa bogi momwemo ngati basi, zomwe zinapangidwa m'zaka za m'ma 1960 kuti zizinyamula anthu mu mzinda wa Perth ku Australia. Atayika sitima zamagetsi kumeneko, zakalezo anazigulitsa ku Auckland, New Zealand, mu 1993. Zinagwira ntchito zaka zoposa 20. Nawonso a ku Auckland atayika zamagetsi, sitimazo zinakwezedwa pa sitima ya pamadzi kupita ku Maputo, ndipo kuyambira kumapeto kwa 2017 zinayamba kunyamula anthu opita kuntchito pakati pa Maputo ndi Matola, pa dzina loti Metrobus. Kaunjika wa kaunjika! Chinatheketsa zimenezi n'chakuti njanji za ku Perth, Auckland ndi Maputo n'zofanana kutambalala kwake, mamilimita 1,067. Yathu ya kuseri kwa mpandayi ndi muyezo womwewo.

Musaseke mawu oti kaunjika. Jekete ndavalali ndi la pa msika wa Limbe, ndipo ma minibasi mwakwera lero onse anayamba atopa kaye ku Japan.

Komabe ndisakunamizeni, chakale chili ndi matenda ake. Ku England kampani ina yotchedwa Vivarail inatenga sitima zakale za pansi pa nthaka za mu London, n'kuziika ma injini a dizilo kuti ziziyenda pa kanjanji kakang'ono ka pakati pa Bedford ndi Bletchley. Zinayamba mu 2019. Kumapeto kwa 2022 kampaniyo inagwa, wozikonza anasowa, sitima n'kuima. Kumeneko ndi ku England, kwa eni ake ndalama. Ife za chigayo chathu chija tikudziwa: chinakhala miyezi chili chete chifukwa cha kachitsulo kamodzi kosapezeka m'dziko muno. Choncho aliyense wobwera ndi nkhani ya sitima yotchipa tizimufunsa kuti masipeyala ali kuti, ndipo makaniko ake ndani. Mwayi wathu ndi woti malo okonzera sitima ali pa Limbe pompa, ndipo amisiri omwe anakulira pa ma injini akalewa ena akadali moyo, ali ku Bangwe ndi ku Ndirande kuno.

Nanga ife alimi tichitepo chiyani? Kugula sitima ayi, masheya athu sangagule ngakhale tayala lake. Njanji ndi ya boma, ndipo kuyambira mu 1999 oyendetsa sitima ndi kampani ya Central East African Railways. Amenewo ndi anthu a bizinesi. Tikapita kukalira kuti tikuvutika, atipatsa mpando ndi madzi akumwa, n'kutiperekeza pa khomo. Funso lawo lidzakhala limodzi: katundu wanu ndi matani angati, pa siteshoni iti, mwezi uti? Ndipo lero lino, nditaima pano, yankho lake ndilibe. Lole ya matani 30 imadzaza ndi matumba 600 a makilogalamu 50, ndipo bogi ya sitima siichepera pamenepo. Kalabu imodzi payokha siingadzaze. Kopaletivi yathu yonse, mwina, m'miyezi ya nandolo. Ife pamodzi ndi makopaletivi anzathu a ku Thyolo ndi Mulanje, kuphatikizapo feteleza wobwerera nayo sitimayo popita kumudzi, pamenepo nkhani ikhoza kumveka.

Ndiye pempho la komiti yathu ndi ili. Kuyambira kukolola kukubweraku, mlembi wa kalabu iliyonse alembe m'kope matumba onse otuluka m'dera lake, tsiku lake, ndalama za transipoti, ndi siteshoni yomwe ili pafupi. Alembe ndi omwe agulitsidwa kwa mavenda, osabisa, palibe amene alipitsidwe chindapusa. Chaka chikatha tidzaphatikiza ziwerengerozo, tidzaitana makopaletivi anzathu, kenako tidzalemba kalata imodzi yopita ku kampani ya njanji, ku Unduna wa Zamtengatenga ndi kwa aphungu athu.

Makope tagula kale, ali pa tebulo la a mlembi pafupi ndi sikelo. Alembi a makalabu musapite ku nsima musanasaine ndi kutenga lanu. A ku Thekerani muyambe ndinu, chifukwa ulendo wanu ndi wautali.