Kalimidwe ka Duwa la Liatris ku Mashonaland

Anzanga alangizi, duwa limene tikambirane lero, Liatris spicata, kwawo ndi kuzigwa za udzu za ku North America, kumene limadzimerera lokha. M'zaka za m'ma 1990 mafamu akuluakulu a ku Mashonaland ankalitumiza pa ndege kuchokera ku Harare kunka ku msika wa Aalsmeer ku Netherlands, ndipo ambiri mwa antchito a m'mafamuwo anali abale athu ochokera ku Malawi. Malondawa adalowa pansi kuyambira chaka cha 2000, mafamu atalandidwa.

Mlimi amaluza kapena kupindula pa mbewu. Timbatata take timafuna chisanu choposa cha June kwathu kuno, choncho tisungidwe m'chipinda chozizira, pa madigiri 2, kwa masabata osachepera 8. Akapanda kutero, timamera mosiyanasiyana ndipo mapesi amafupika. Abzale pa mabedi okwera, pakuti madzi akaima timaola. Apewenso munda umene mudali tomato kapena mbatatesi, chifukwa cha matenda ofotetsa a Verticillium.

Chimene ambiri amalakwitsa ndi kudula. Duwali limayamba kumasula kunsonga n'kumatsika. Muwauze adule timaluwa tochepa ta pamwamba tikangotseguka. Akadikira kuti phesi lonse lifiirire, nsonga imakafika ku Ulaya itafota kale, ndipo wogula sayang'ananso kawiri.