Mau a Aphunzitsi a m'Midzi pa Tsiku la Chaka

Abambo ansembe, amayi asisitere, mafumu, akatekisiti ndi inu nonse Akhristu a pa Mua, tibwerekeni makutu anu kanthawi. Ife aphunzitsi a m'midzi tili ndi mlandu umene utiwawa mumtima, ndipo taona kuti tsiku lino ndilo loyenera kuutula.

Abambo a White Fathers anamanga pano mu 1902. Mu 1937 mwana wa dera lino, Cornelio Chitsulo, analandira unsembe, ndipo mu 1957 anadzozedwa episkopi wa Dedza. Njira ya mnyamata inatseguka msanga ndithu. Ya mtsikana inali yopapatiza, ngakhale Ambuye Guillemé anayambitsa chipani cha asisitere a Tereza ku Bembeke mu 1929.

Tsono sukulu ya pulayimale inakhala yaulere mu 1994, ndipo atsikana analowa ambiri. Koma taonani chimene chichitika kalata ya kukwezedwa ikafika. Mwamuna amanga katundu usiku womwewo, angakhale amtume kutali. Munda ndi ana asiyira mkazi. Mkazi ayamba wawerenga: Amayi akalamba, adzawatungira madzi ndani? Mpunga wa kudambo adzaamira mbalame ndani? Pakuti mwa mwambo wa Achewa mkazi ndiye tsinde la mudzi, ndipo tsinde silizulidwa ndi kalata imodzi.

Mnzathu wina, wophunzitsa bwino kutiposa tonse, anakana uhedi kawiri. Ife amuna tinanena pa mthunzi kuti alibe mtima wofuna kukwera, ndipo mmodzi wa ife analowa pamalo pake osachita manyazi. Patapita zaka anatiuza yekha: anaufuna udindowo kwambiri, koma mwamuna wake anati sangagone m'nyumba ya sukulu monga mlendo wa mkazi, anzake a pa bawo angamseke. Ife tinamweruza osamfunsa, inde ife amene tiphunzitsa ana kufunsa.

Kumbukirani Inkosi Theresa Kachindamoto. Anagwira ntchito ya ulembi pa koleji ina ku Zomba zaka 27, ndipo mu 2003 akulu anamuitana abwere ku Mtakataka adzalowe ufumu. Iye sanaupemphe, koma anauvomera. Anathetsa maukwati a ana mazanamazana, nabwezera atsikana ku sukulu, kufikira anatisiya mu 2025. Akadamletsa a kunyumba monga analetsedwa mnzathu uja, atsikana amenewo akadakhala kuti lero?

Chifukwa chake tikupemphani inu akatekisiti, kuyambira ku Golomoti kufikira ku Mtakataka: pophunzitsa ofuna ukwati, musafunse mkazi yekha ngati adzatsata mwamuna wake. Mfunseninso mnyamatayo pamaso pa ankhoswe, kuti kalata ikadzabwera m'dzina la mkazi, kodi iye adzanyamula katundu? Ndipo dikirani mpaka ayankhe.