Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Mpikisano Woumba Mchenga ku Meponda

Mfumu ya dera lino ndi nduna zanu, akuluakulu a boma amene tatsikira limodzi kuchokera ku Lichinga, aphunzitsi, makolo, asodzi amene mwasuntha mabwato anu kuti ana apeze malo, ndi inu ana athu, ndakulonjerani nonse.

Ife a ku Lichinga timakhala pamtunda, mamita oposa 1,300, kumene Juni ndi Julayi timagona ndi mabulangete awiri. Nyanja ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 60 okha, komabe ana ambiri a m'tauni amaidziwira pa usipa wouma wa pamsika basi. Lero ena aponda mchenga wa kunyanja koyamba, dzuwa la Okutobala likuwotcha kumapazi, ndipo aphunzitsi awo akhala ana a kuno. Ndaona mtsikana wina akuuza mnzake wa m'tauni kuti madzi akachuluka mchenga umayenderera, akachepa umagumuka. Uzithira pang'onopang'ono, upondeponde mpaka ulimbe, kenako uyambe kusema kuchokera pamwamba kutsika m'munsi. Amamuuza ngati munthu amene wakhala akuchita zimenezi kuyambira akukwawa, ndipotu ndi mmene zilili.

Ndazungulira ntchito zonse. Pali ng'ona, pali bwato ndi nkhafi zake, pali sitima ya Ilala. Pali chambo chachikulu chimene mamba ake adindidwa limodzilimodzi ndi chitsekerero cha botolo, kuchokera kumutu mpaka kumchira, osaphonya mzere. Mwana amene wapirira chotero padzuwa ali ndi luso m'manja, ndipo tisalitche masewera chabe. Amene munafikako ku Durban mukudziwa kuti pagombe la kumeneko pali anthu amene amapeza chakudya poumba mchenga, alendo n'kumaponya ndalama akajambula zithunzi.

Koma pamene ndaima nthawi yaitali ndi pa ntchito ya gulu lija la kumapeto. Anawo aumba neti ya udzudzu itakokedwa kumtunda, m'kati mwake muli tinsomba tosaposa chala cha mwana. Palibe anawauza kuti aumbe zimenezo. Aumba zimene amaona m'mawa uliwonse.

Makolo anzanga, nkhaniyi ndi yathu. Mu 2011 boma linalengeza kuti mbali yathu ya nyanjayi ndi malo otetezedwa, ndipo chaka chomwecho inalowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse. M'madzi amenewa muli mitundu mazanamazana ya nsomba, makamaka mbuna, zimene sizipezeka kwina kulikonse. Neti ya udzudzu inabwera kudzatchinjiriza mwana ku malungo. Ikalowa m'madzi imakokolola ndi timwana ta chambo tomwe tisanaswe n'komwe, ndipo usiku womwewo mwana amagona poyera, udzudzu ukumuluma. Sindikuloza chala mayi amene amachita zimenezi. Ndikudziwa kuti njala ndi imene imamutuma, ndipo ife a kumtunda ndife timagula tinsombato osafunsa. N'chifukwa chake ndikupempha mfumu, komiti ya asodzi ndi a boma kuti mukhale pansi, mugwirizane za malo amene nsomba zimaswana ndi miyezi yozisiya, komanso za chimene banja lidye m'miyezi imeneyo. Funso lomalizali likasiyidwa, lamulo lingokhala papepala.

Kwa aphunzitsi, mafunde akakwera ntchito izi zipita, choncho zijambuleni lero lomwe, zithunzi zikapachikidwe m'makalasi ku Lichinga, mayina a ana ali pansi pake. Ndipo musadikire chaka chamawa: dothi lilipo kuseri kwa sukulu iliyonse, apatseni anawa nthawi youmba. Kwa amalonda a m'tauni amene mwathandiza ndi galimoto ndi mphoto, zikomo, koma ndamva kuti ana ena atsala chifukwa malo anachepa. Chaka chamawa tionjezere galimoto, ndipo tiitane anzathu a ku Metangula ndi ku Cobué.

Tisanakwere galimoto madzulo ano, aliyense atole mapulasitiki ndi mabotolo amene tabwera nawo, chifukwa mawa ana a kuno ayenda pano opanda nsapato.

Oweruza andinong'oneza kuti amaliza kuwerengera. Ana inu, bwerani pafupi, mukhale pamthunzi apa, tiyambe ndi gulu la aang'ono.