Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Msonkhano wa Ogulitsa Mankhwala ku Area 25



Pa 23 Epulo 2019, ku Mitundu konkuno ku Lilongwe, Malawi adakhala dziko loyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kwa ana kusikelo. Ghana ndi Kenya adatsatira pambuyo pathu. Kampani ya GSK idayamba ntchito ya katemerayu mu 1987, ndipo bungwe la WHO lidamuvomereza mu Okutobala 2021. Zaka 34 zimenezo!

Tikamva nkhaniyi timaganiza za akatswiri ovala makhoti oyera. Aulemu wawo apatsidwe. Koma kafukufuku wamkulu amene adayamba mu 2009 adakhudza ana oposa 15,000 m'maiko 7 a mu Africa, ndipo ena mwa anawo adali a mumzinda uno, kudzera ku UNC Project. Adafunika munthu wopeza ndalama, wotenga chilolezo, wokhala pansi ndi mafumu kuti mphekesera zoti akupopa magazi zisabalalitse makolo. Adafunikanso wolondola mayi amene wasamuka lendi osatsanzika, mpaka kukamupeza kuseri kwa msika, buku la mwana lili m'manja. Uwu ndiwo utsogoleri umene ndikunena, ndipo ambiri ouchita sadatulukepo m'nyuzipepala.

Katemerayu mwana amabayitsa kanayi. Katatu koyamba n'kosavuta, mwana akadali kumsana. Kachinayi kamafika ali pafupi zaka ziwiri, akuthamanga yekha, mayi ali pageni, za sikelo zidaiwalika. Pamenepo wasayansi wa GSK sangatithandize. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mankhwala amene ali m'nkhokwe za Central Medical Stores Trust, kapena m'fuliji yozima, sanachize munthu.

Tsopano kwa inu amalonda. Dziko lino lidasiya chloroquine mu 1993, lidasiyanso Fansidar ngati mankhwala ochizira malungo mu 2007 n'kutenga LA, chifukwa tizilombo tidazolowera mankhwalawo. LA naye akhoza kutha mphamvu tikamagulitsa theka la mlingo kwa munthu amene sadayezetse n'komwe, poti ndalama zake zathera pomwepo. Ndikudziwa lendi ya shopu siyembekeza, komatu phindu lotere tidzalipira tonse.

Choncho pempho langa ndi ili. Odani mankhwala okhawo amene adalembetsedwa ku Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Onani tsiku lothera mphamvu musanaike katoni pashelefu. Wogulitsa pakauntala akhale wophunzira ntchitoyo, osati mphwanu amene akudikira zotsatira za MSCE. Ndipo inu mafumu, mukaona mapilitsi atayalidwa padzuwa pambali pa tomato, musangodutsa, kaneneni.

Ndi mawu amenewa ndikulengeza kuti msonkhano uno watsegulidwa.